Miseu ya Kumidzi mu Zambia: Makonzedwe Ake ndi Kumene Ndalama Zicokera

Miseu ya kumidzi ndi ija imene ilumikiza midzi, minda, masukulu ndi zipatala zing'onozing'ono ku mseu waukulu kapena ku boma. Yambiri mwa miseu imeneyi ndi ya dothi, ndipo imaonongeka caka ciri conse mvula ikagwa. Kalembera wa caka ca 2022 anapeza kuti mu Zambia muli anthu oposa 19 miliyoni, ndipo oposa theka la iwo akhala kumidzi. Koma kafukufuku amene banki ya World Bank inatulutsa mu 2016 anaonetsa kuti anthu 17 okha pa anthu 100 a kumidzi ndiwo anali kukhala pa mtunda wosapitirira makilomita awiri kucokera pa mseu wabwino.

Mseu ukaduka m'dzinja, fataleza ndi mbeu zimafika mocedwa, mai wodwala sangafike msanga ku cipatala, ndipo ana amalephera kuoloka mtsinje kupita ku sukulu. M'nyengo yokolola, wogula cimanga, nshawa kapena thonje amatsitsa mtengo cifukwa ca ndalama zimene adzaononga pa galimoto lake. Motero nkhani ya miseu ndi nkhani ya cuma ca banja liri lonse la kumudzi.

Mitundu ya miseu

Miseu yonse ya m'dziko muno italika makilomita pafupifupi 67,000. Pakati pa iyo, boma linapatula makilomita pafupifupi 40,000 kuti ndiyo yofunika koposa, imene iyenera kusamalidwa nthawi zonse.

Miseu ikuluikulu yopita ku malire a dziko idziwika ndi cilembo T. Mwacitsanzo, mseu wa Great East, wocokera ku Lusaka kudzera ku Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata mpaka ku malire a Mwami, ndi T4. Yotsatira ndi ya cilembo M, monga M12 wa pakati pa Chipata ndi Lundazi. Kenaka pali ya cilembo D, ya m'maboma. Pansi pa yonseyi ndi pamene pali miseu ing'onoing'ono yolowa m'midzi ndi m'minda.

Mabungwe oyang'anira

Mu caka ca 2002 nyumba ya malamulo inavomereza malamulo atatu amene anagawa nchito ya miseu pakati pa mabungwe atatu. Bungwe la Road Development Agency, RDA, lipanga mapulani, limanga ndi kukonza miseu ndi maulalo. Bungwe la National Road Fund Agency, NRFA, lisunga thumba la ndalama za miseu ndi kulipira makampani ogwira nchito. Ilo linalowa m'malo mwa National Roads Board, imene inakhazikitsidwa mu 1994. Bungwe la Road Transport and Safety Agency, RTSA, lilembetsa magalimoto, lipereka ziphaso kwa oyendetsa ndi kuona za citetezo pa mseu.

Colinga ca kugawa kotere cinali cakuti womanga mseu asakhale yemweyo wosunga ndalama.

Makhonsolo a m'maboma 116 anapatsidwa udindo wosamalira miseu ya m'matauni ndi ing'onoing'ono ya kumidzi. Nalo gulu la asilikali a Zambia National Service ligwirako nchitoyi, makamaka kuyambira mu 2015 pamene linalandira makina a nthambi ya boma yokonza miseu ya kumidzi.

Mmene mapulani apangidwira

Lamulo la makonzedwe a mizinda ndi zigawo la caka ca 2015 lilamula khonsolo iri yonse kukhala ndi pulani ya citukuko ca boma lake lonse. M'pulani imeneyo mumalembedwa malo a misika, masukulu ndi zipatala pamodzi ndi miseu yofikako.

Maganizo ayenera kuyambira pansi. Anthu a m'midzi, pamodzi ndi mafumu ao, amachula zosowa zao ku komiti ya citukuko ya mu wadi. Komitiyo imazipereka ku khonsolo, kumene akatswiri amayeza kutalika kwa mseu, kuwerenga mitsinje yofuna maulalo ndi kuyerekeza mtengo wa nchito. Popeza ndalama sizikwanira miseu yonse, amasankha poyang'ana kuculuka kwa anthu ogwiritsa nchito mseuwo, zokolola zocokera m'deralo, ndiponso ngati ufika pa sukulu, pa cipatala kapena pa malo ogulitsira cimanga.

Miseu ikuluikulu imalowa m'ndondomeko ya caka ndi caka imene RDA imakonza, ndipo NRFA ndiyo imalipira nchito zimene zavomerezedwa m'ndondomekoyo.

Kumene ndalama zicokera

Gwero loyamba ndi msonkho wa pa mafuta a galimoto, umene unayamba mu 1993. Aliyense wogula petulo kapena dizilo amaikapo kangacepe pa thumba la miseu. Palinso ndalama za ziphaso za magalimoto ndi malipiro a magalimoto a kunja olowa m'dziko.

Gwero laciwiri ndi malipiro a pa zipata za pa mseu. Lamulo lake linapangidwa mu 2011. Malole akuluakulu anayamba kulipira mu 2013 pa malo opimira kulemera kwa katundu, ndipo mu 2016 magalimoto ang'onoang'ono anayamba kulipira pa zipata za Manyumbi ndi Kafulafuta. Pambuyo pake zipata zinamangidwa pa miseu ina, kuphatikizapo wa Great East.

Gwero lacitatu ndi thandizo ndi nkhongole zocokera kunja. Mbali ya mseu wa Great East yocokera pa ulalo wa Luangwa kufika ku Mwami, yotalika makilomita pafupifupi 360, inakonzedwanso ndi ndalama za European Union, European Investment Bank, African Development Bank ndi bungwe la citukuko la dziko la France. Mu 2017 World Bank inavomereza madola a ku America 200 miliyoni a nchito yokonza miseu ing'onoing'ono ya kumidzi. M'nchito imeneyo kampani inali kukonza mseu ndi kupitiriza kuusamalira kwa zaka zingapo, ndipo malipiro ake anali kudalira pa mmene mseuwo unali kuonekera.

Gwero lacinai ndi thumba la citukuko ca m'madera a aphungu a nyumba ya malamulo, CDF, limene linayamba mu 1995. Mu 2021 dera liri lonse linali kulandira K1.6 miliyoni. Mu 2022 ndalamazo zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 pa K28.3 miliyoni, mu 2024 pa K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 pa K36.1 miliyoni. Makhonsolo ambiri anagula nazo makina osalaza miseu. Komabe thumbali limagawidwanso pa makalasi, madesiki, zipatala, madzi ndi maphunziro a ana, kotero gawo la miseu silikula kwenikweni.

Njira ina ndi mgwirizano wa boma ndi makampani. Mu 2023 boma linasainirana ndi Macro Ocean Investment Consortium pangano la zaka 25 lakuti imange mseu wa Lusaka ndi Ndola, wa makilomita 327, ndi kubweza ndalama zake kupyolera m'malipiro a pa zipata. Njira yotere itheka pa mseu wodzala magalimoto. Mseu wa kumudzi, wopitamo ngolo, njinga ndi malole owerengeka, sungabweze ndalama mwa njira imeneyi, ndipo udzadalirabe thumba la boma.

Zobvuta

Cobvuta cacikulu ndi mtengo. Mseu wa Mongu ndi Kalabo, umene unatsegulidwa mu 2016, utalika makilomita 34 cabe pa cigwa ca Barotse, koma uli ndi maulalo 26 ndipo unadya madola oposa 280 miliyoni.

Caciwiri ndi nkhongole. Mu 2012 mtsogoleri wa dziko, malemu a Michael Sata, anakhazikitsa ndondomeko ya Link Zambia 8000 yofuna kumanga miseu ya makilomita 8,000. Miseu ina inathadi, koma mapangano a nchito anaculuka kuposa ndalama zimene zinalipo. Makampani ambiri anakhala nthawi yaitali osalipidwa ndipo ena anasiya nchito pakati. Mu November 2020 dziko linalephera kulipira ciwongola dzanja pa nkhongole zake zina za kunja.

Cacitatu ndi kusasamalira. Mdani wamkulu wa mseu wa dothi ndi madzi. Ngalande zikatsekeka, madzi amayenda pa mseu ndi kukumba zigwembe. Kuceka udzu, kutsegula ngalande ndi kukwirira maenje caka ndi caka kumafuna ndalama zocepa, koma kukanyalanyazidwa mseu wonse umayenera kumangidwanso pa mtengo waukulu. Malole onyamula katundu wopyola muyeso, kulima mpaka m'mphepete mwa mseu ndi kukoka makasu a ng'ombe pa mseu kumafulumizanso kuonongeka.

Mbali ya anthu a m'mudzi

Mudzi wofuna mseu kapena ulalo uyenera kupereka pempho lake ku komiti ya citukuko ya mu wadi, kupyolera mwa mfumu ndi khansala. Pempho limamveka bwino likachula dzina la mseu, kutalika kwake, mitsinje imene imaduka m'dzinja ndi midzi imene idalira mseuwo. Nchito ikayamba, anthu ali ndi ufulu wofunsa dzina la kampani, mtengo wa nchito ndi tsiku lomalizira, ndi kudziwitsa khonsolo ngati ngalande zasiyidwa zosakumbidwa.