Ntchito ya kuseri kwa nsanja pa zisudzo za m'sukulu za sekondale ku Kaliyeka

Ntchito ya kuseri kwa nsanja ndi ntchito yonse yomwe imagwiridwa pa sewero ndi anthu amene oonerera sawaona. Ntchitoyi ndi monga kumanga ndi kusuntha katundu wa pansanja, kusoka ndi kusamala zovala, kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi, kuyendetsa zokuzira mawu komanso kusunga nthawi. M'sukulu za sekondale zomwe ana a ku Kaliyeka, Kawale, Chilinde, Biwi ndi Area 23 mu mzinda wa Lilongwe amaphunzirako, ntchitoyi imagwiridwa ndi ophunzira eniake a m'kalabu ya zisudzo motsogozedwa ndi mphunzitsi mmodzi, yemwe kawirikawiri amakhala wa Chingerezi kapena wa Chichewa.

Pa mipikisano ya zisudzo, mayina omwe amatchuka ndi a ochita sewero ndi a olemba. Komabe sewero lomwe ana alikonzekera kwa miyezi iwiri litha kuonongeka m'mphindi imodzi kaamba ka nthambo ya magetsi yomwe yazuka kapena mpando womwe sunabwezedwe pamalo pake. Choposa apo, pafupifupi chilichonse chomwe chingavulaze mwana pa zisudzo, kaya ndi magetsi, moto, makwerero kapena misomali, chimakhala m'manja mwa gulu lomweli, lomwe ambiri mwa iwo sanakwanitse zaka 18.

Komwe zisudzo za m'sukulu zinachokera

Mwambo wa mipikisano ya zisudzo m'sukulu za sekondale m'dziko muno unakhazikika kudzera ku bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la Association for the Teaching of English in Malawi, lomwe limadziwika kwambiri ndi dzina lachidule loti ATEM. Bungweli linayambitsa mpikisanowu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pofuna kuti ophunzira azilankhula bwino Chingerezi. Cholinga chimenechi ndicho chinaumba zisudzo za m'sukulu momwe zilili: chidwi chachikulu chinapita pa katchulidwe ka mawu ndi kalembedwe ka sewero, pamene luso la magetsi, zokuzira mawu ndi kamangidwe ka nsanja linatsalira m'mbuyo.

Mpikisanowu unatulutsa akatswiri odziwika. Malemu Du Chisiza Jr anapambana mchaka cha 1982 ndi sewero lake la The Deceased's Attack ali pa sukulu ya HHI ku Blantyre, ndipo mchaka cha 1987 anakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre. Iye anamwalira mu 1999. Gululi, pamodzi ndi la Kwathu Drama Group lomwe linatchuka ndi masewero a m'Chichewa, linkayendayenda m'maholo a m'matauni ndi m'maboma, monga momwe ophunzira a Travelling Theatre a ku Chancellor College ku Zomba ankachitira kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Kuyendayendako kunaphunzitsa a zisudzo a ku Malawi chinthu chomwe sukulu zimatsatira mpaka lero, choti katundu wa sewero azikhala wochepa, wopepuka ndi wotheka kumukweza pa galimoto imodzi. Pambuyo pake panabweranso mipikisano ina ya m'sukulu monga wa zisudzo za m'Chifalansa ndi wa Nasfest, womwe umayendetsedwa ndi bungwe la Light of Youth Creative Organisation.

Malo ochitira sewero

Sukulu zambiri zoyendera za m'madera, zomwe zimatchedwa ma CDSS, zinachokera ku sukulu za MCDE chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zambiri mwa izo zinayamba zopanda holo. N'chimodzimodzinso sukulu zambiri zomwe si zaboma za m'makwalala a m'tauni. Choncho ana a ku Kaliyeka amayeserera sewero m'kalasi atakankhira madesiki kukhoma, pansi pa mtengo, kapena mu holo ya tchalitchi yobwereka, kenaka n'kukapikisana pa nsanja ya sukulu ina yomwe sanaiponde n'kale lonse.

Apa ndi pamene phunziro loyamba la kuseri kwa nsanja limayambira. Gulu lodziwa ntchito limatuma anthu awiri kukayeza nsanja yomwe adzachitirepo sewero, m'litali ndi m'lifupi, n'kuonanso komwe kuli zitseko, masitepe ndi masoketi. Akabwerako amajambula muyezo womwewo pansi ndi choko kapena phulusa kuti ochita sewero azolowere malo enieniwo. Gulu lomwe silichita zimenezi limadziwika msanga pa tsiku la mpikisano, chifukwa ana amaunjikana pakati pa nsanja yaikulu ngati akuthawa mvula, kapena amagundana pa nsanja yaing'ono.

Woyang'anira nsanja

Udindo waukulu pa gulu la kuseri ndi wa woyang'anira nsanja. Mphunzitsi kapena wotsogolera sewero amalamula nthawi ya kuyeserera, koma sewero likangoyamba pamaso pa anthu, mwini wake amakhala woyang'anira nsanja. Iye amasunga buku lomwe muli sewero lonse, ndipo m'mphepete mwa tsamba lililonse amalembamo ndi pensulo pomwe munthu akulowera, pomwe akutulukira, mawu omwe akangonenedwa magetsi azime, ndi pomwe ng'oma iyambe. Chizindikiro chilichonse chimapatsidwa nambala. Amalemba ndi pensulo kaamba koti zinthu zimasintha mpaka tsiku lomaliza.

Pa nsanja, dzanja lamanja ndi lamanzere zimawerengedwa potengera wochita sewero amene wayang'ana anthu, osati potengera oonerera. Lamulo laling'onoli limasokoneza ophunzira atsopano chaka ndi chaka, ndipo ndi bwino kuliphunzitsa tsiku loyamba.

Woyang'anira nsanja amasunganso wotchi. Pa mpikisano sukulu iliyonse imapatsidwa nthawi yake, ndipo magulu amalandizana nsanja imodzi tsiku lonse. Kusintha katundu pakati pa zigawo za sewero kumayenera kuyesereredwa ngati gule: aliyense adziwe chomwe anyamule, khomo lomwe alowere ndi pomwe akachiike. Malo a mpando kapena tebulo amaikidwa chizindikiro pansi ndi choko. Ntchito imeneyi imayenera wophunzira wodekha ndi wosunga nthawi, ndipo si bwino kuisandutsa chipepeso cha mwana amene walephera kupeza gawo m'sewero, monga momwe zimachitikira m'makalabu ambiri.

Magetsi

Magetsi a m'nyumba ndi m'sukulu m'dziko muno ndi a mavoti pafupifupi 230, ndipo pulagi ya mano atatu imakhala ndi fyuzi yosapitirira ma ampu 13. Izi zikutanthauza kuti soketi imodzi singanyamule zoposa mawati pafupifupi 3,000. Nyali zisanu ndi imodzi za mawati 500 iliyonse zafika kale pa malire amenewa, ampulifaya isanalumikizidwe n'komwe. Ma ekisitenshoni otchipa a pamsika ambiri ali ndi nthambo zopyapyala zomwe zimatentha zisanafike n'komwe pa muyezo umenewu, makamaka zikakhala zokulungidwa. Kuwerengera kumeneku ndi samu yomwe wophunzira aliyense wa sayansi angathe, ndipo kuyenera kuchitika papepala nyali isanapachikidwe. Nyali za LED zachepetsa vutoli chifukwa zimadya magetsi ochepa kwambiri ndipo sizitentha ngati zakale.

Kulowetsa nthambo zosenda mu soketi n'kuzipanikiza ndi timitengo ta machesi, kapena kuika waya m'malo mwa fyuzi, ndi zinthu zomwe mphunzitsi wamkulu sayenera kuzilola pa sukulu yake. Ophunzira angathe kuyatsa, kuzimitsa ndi kulozetsa nyali, koma kulumikiza magetsi ku bokosi lalikulu ndi ntchito ya munthu amene ali ndi chiphaso cha ntchitoyo.

Pa kaunikidwe, mfundo yomwe imaphunzitsidwa m'mayiko ambiri inalembedwa ndi Stanley McCandless wa ku Yale University ku America mchaka cha 1932. Iye anaonetsa kuti nkhope imaoneka bwino ikaunikidwa ndi nyali ziwiri zochokera kutsogolo, ina kumanja ina kumanzere, zitakwezedwa pa ngodya ya madigiri pafupifupi 45. Nyali yomwe ili pamwamba penipeni pa mutu imadetsa m'maso, ndipo babu la m'denga la holo limachita zomwezo. Sukulu yomwe ili ndi nyali ziwiri zokha ingathe kutsatira mfundoyi pozimangirira pa mapolo olimba. Komwe sewero likuchitika masana, kuunika kumayendetsedwa ndi mazenera: a kumbuyo kwa nsanja amatchingidwa ndi mabulangete, a kutsogolo n'kusiyidwa.

Kuzima kwa magetsi nako kumayenera kukonzekeredwa. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazima kwa maola ambiri pa tsiku m'madera a mu Lilongwe kwa nthawi yoposa chaka. Gulu lanzeru limayeserera sewero lonse kamodzi popanda magetsi. Jenereta ikabwerekedwa iyenera kukhala panja, kutali ndi zitseko ndi mazenera, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha womwe sununkha.

Zokuzira mawu

Teremu yachiwiri, yomwe imayamba mu Januwale, imagwera m'nyengo ya dzinja, ndipo mvula ikagunda pa denga la malata lopanda siling'i, mawu a mwana wa Fomu 2 safika n'komwe pa mzere wachitatu. N'chifukwa chake sukulu zimabwereka zokuzira mawu kwa anthu amene amachititsa maukwati ndi zinkhoswe. Vuto lodziwika ndi kulira kwa sipika, komwe kumachitika maikolofoni ikamatola mawu otuluka mu sipika yomweyo. Mankhwala ake ndi kuika masipika kutsogolo kwa maikolofoni, atayang'ana kwa anthu, ndi kutsitsa mphamvu m'malo moikweza. Poyatsa, ampulifaya imayatsidwa pomalizira, ndipo pozimitsa imayamba ndiyo.

Nyimbo ndi phokoso la m'sewero masiku ano zimaseweredwa pa foni. Foniyo iyenera kuchotsedwa pa netiweki, apo ayi holo yonse imamva kuitana kwa foni pakati pa chigawo cha maliro. Ng'oma, chisekese ndi chidutswa cha lata chogwedeza ngati bingu n'zodalirika kuposa foni, ndipo sizidikira magetsi.

Katundu, zovala ndi zodzola

Nyumba ya pansanja imamangidwa ndi nsungwi, makatoni, mphasa ndi ziguduli zopaka laimu kapena penti. Zovala zambiri zimachokera m'mabanja a ophunzira kapena pa kaunjika wa pa msika wa Tsoka, ndipo choko, ufa ndi makala ndizo zimasandutsa mnyamata wa zaka 16 kukhala nkhalamba. Chilichonse chobwereka chiyenera kulembedwa m'kaundula ndi dzina la mwini wake. Mikangano yambiri pakati pa makalabu ndi makolo imayambira pa jekete kapena chitenje chomwe sichinabwerere.

Mpeni, chikwanje ndi mfuti za m'sewero zizikhala zosema pa mtengo kapena katoni. Kandulo, koloboyi ndi mbaula ya moto weniweni siziyenera kufika pa nsanja yomwe pali udzu ndi nsalu, poti tochi yokutidwa ndi pepala lofiira imagwira ntchito yomweyo. Zitseko zonse za holo zizikhala zosakhoma anthu akakhala mkati, ngakhale pamene sukulu ikutolera ndalama pakhomo limodzi.

Mu Lilongwe muli nkhani inanso yofunika kusamala nayo. Gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mchaka cha 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Sewero lomwe likukhudza guleyu lisathamangire kupanga zigoba ndi zovala zotsanzira popanda kufunsa mafumu a m'deralo.

Malamulo ndi komwe luso lingaphunziridwe

Lamulo la Censorship and Control of Entertainments la mchaka cha 1968 linakhazikitsa bungwe lounika zisangalalo, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi masewero ankayenera kuvomerezedwa ndi bungweli asanaonetsedwe. Sukulu yomwe ikufuna kuonetsa sewero kwa anthu olipira pakhomo iyenera kufunsa za chilolezo ku ofesi yoona za chikhalidwe nthawi ikadalipo. Pa nyimbo za eni ake, bungwe loyenera kulifunsa ndi COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992 ndipo likuyendera lamulo la umwini wa zaluso la 2016.

Ana amakumana ndi zisudzo koyamba m'phunziro la Expressive Arts ku pulayimale, ndipo maphunziro apamwamba a zisudzo ali ku University of Malawi ku Zomba. Pakati pa magawo awiriwa, luso la kuseri kwa nsanja limapatsiranidwa pakamwa, wa Fomu 4 kuuza wa Fomu 1, ndipo limasowa mphunzitsi woyang'anira kalabu akasamutsidwa. Buku la woyang'anira nsanja ndi kaundula wa katundu zikasungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, gulu lotsatira limakhala ndi poyambira.

Aphunzitsi a lusoli sali kutali. Ku Kaliyeka ndi ku Kawale kuli akalipentala, owotcherera zitsulo, matelala, okonza mawailesi ndi achinyamata amene amayendetsa zokuzira mawu m'matchalitchi sabata iliyonse. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi ingathe kupempha mmodzi wa iwo kudzaonetsa ophunzira ntchito masana amodzi pa teremu, mphunzitsi ali pomwepo. Wophunzira amene wagwira mtima pa za magetsi kapena ukalipentala kudzera ku kalabu ya zisudzo angathe kukapitiriza ntchitozi ku Lilongwe Technical College kapena ku sukulu zina zaluso zomwe zili pansi pa ndondomeko ya TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mchaka cha 1999.