Magetsi ochokera ku kutentha kwa pansi pa nthaka

Magetsi ochokera ku kutentha kwa pansi pa nthaka, omwe pa Chingerezi amati geothermal, amapangidwa ndi nthunzi. Akatswiri amaboola zitsime zakuya mpaka kupeza madzi otentha kwambiri, ndipo nthunzi yake imazunguza makina opangira magetsi. Madziwo akazizira amawabwezera pansi kuti akatenthenso, choncho mphamvuyi siitha ndipo siidalira mvula. Njirayi inayesedwa koyamba ku Larderello m'dziko la Italy mu 1904. Ku Kenya, siteshoni ya Olkaria inayamba kugwira ntchito mu 1981.

Dziko la Malawi lili m'chigwa cha Rift Valley, n'chifukwa chake lili ndi akasupe otentha monga Chiweta ku Rumphi ndi Mawira ku Nkhotakota. Komabe lilibe siteshoni yotere. Magetsi ambiri amachokera pamtsinje wa Shire, ndipo namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu 2022, kuzimazima kwa magetsi kunanyanya.

Phiri la Mulanje linapangika ndi miyala yosungunuka, koma inazizira zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Kumeneko magetsi amachokera m'mitsinje yotsika m'phirimo, monga Lichenya, pomwe kampani ya MEGA imapangira magetsi a midzi ya ku Bondo.