Mmene Nyumba ya Malamulo Imalemekezera Aphungu Amene Amwalira

Phungu wa Nyumba ya Malamulo ya dziko la Zambia akamwalira ali pa udindo, pali mwambo umene Nyumbayi imatsatira ku Manda Hill mu mzinda wa Lusaka. Coyamba, Sipika amalengeza za imfayo kwa aphungu, ndipo onse amaimirira ndi kukhala cete kwa mphindi imodzi. Kawirikawiri amachulanso maina a aphungu amene adzaimirira Nyumbayi pa maliro.

Pambuyo pace pamabwera pempho la cipepeso. Wopereka pempholi nthawi zambiri amakhala Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, popeza ndiye amatsogolera nchito za boma m'Nyumbayi. Pempholi limafuna kuti Nyumba ilembe m'mabuku ace cisoni cace, iyamikire nchito imene malemuyo anagwirira dziko, ndiponso itumize mau a cipepeso ku banja lofedwa. Mbiri ya malemuyo imafotokozedwa: kumene anabadwira, maphunziro ace, caka cimene analowa m'Nyumbayi ndi makomiti amene anatumikiramo. Kenaka aphungu a zipani zosiyanasiyana amapatsidwa mpata wolankhula.

Tsiku limeneli kunyozana kwa zipani kumayamba kwaima. Amene anali kutsutsana ndi malemuyo dzulo lomwe amamveka akumutamanda, ndipo ena amati ndi cinyengo cabe. Koma mau onsewa amalembedwa m'buku la zokambirana za Nyumbayi lochedwa Hansard, ndipo kwa aphungu ambiri amene sanakhalepo nduna, mbiri yao yolongosoka imapezeka mmenemo basi.

Imfa yomweyo imayambitsanso nchito ina. Malinga ndi malamulo a dziko monga anakonzedwera mu 2016, Sipika anapatsidwa masiku 7 kuti alembere bungwe loyendetsa masankho la Electoral Commission of Zambia kuti mpando uli wopanda munthu. Masankho apadera analamulidwa kucitika pasanathe masiku 90, kupatula ngati kwatsala masiku 180 kapena ocepera kuti masankho a dziko lonse acitike. Motero zipani zimene zinalirira pamodzi zimakumananso m'dera la malemuyo zikulimbirana mpando wace.

Anthu a m'cigawo ca Kum'mawa anaona zimenezi mu June 2018 pamene a Victoria Kalima, phungu wa Kasenengwa amenenso anali Nduna yoona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, anamwalira mu Lusaka. Pofika mwezi wa September caka comweco anthu a ku Kasenengwa anali atasankha a Sensio Banda a cipani ca Patriotic Front.

Caka ca 2020 cinali covuta koposa. Mu July, mliri wa COVID-19 uli mkati, Nyumbayi inataya aphungu awiri, a Rodgers Mwewa a ku Mwansabombwe ndi a Mwenya Munkonge a ku Lukashya, ndipo patangopita masiku ocepa zokambirana zinaimitsidwa poopa kufala kwa matendawa. Masankho apadera m'madera awiriwa anacitika mu September.

Mu November 2021, patangotha miyezi itatu kucokera pa masankho a dziko lonse, phungu wa Kabwata a Levy Mkandawire anamwalira pa ngozi ya galimoto pakhomo pao mu Lusaka. Mpando wao unapita kwa a Andrew Tayengwa a cipani ca UPND mu February 2022.