Madzi otsukila mango amapita kuti?

Disembala akafika, mango amawolela pansi ku Chipata ndi ku Mongu. Matimati akaculuka pa Soweto Market, ena amatayidwa milumilu. Ambili a ife tikaona zimenezi timaganiza za bizinesi ya juwisi, jamu, mango oumitsa kapena sosi. Timawelengela shuga, mabotolo ndi malaiti, koma timaiwala funso limene ngakhale dziko lathu linacedwa kufunsa: madzi otsukila zipatso ndi makoko ake adzapita kuti?

M'nthawi ya a Kaunda, boma ndilo linali kumanga mafakitale ambili. Ku Mwinilunga linamanga fakitale yoika zinanazi m'zitini, ndipo kampani ya boma ya Zamhort inali kugula zipatso ndi ndiwo zamasamba kwa alimi. Colinga cinali kupatsa anthu nchito ndi kucepetsa zakudya zogula kunja. Nkhani ya zonyansa inali m'manja mwa makhonsolo ndi a zaumoyo, ndipo panalibe bungwe limodzi loyang'anila cilengedwe. Boma limene linali mwini fakitale ndilo linafunikanso kuidzudzula ikalakwa.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1990, pamene Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Environmental Protection and Pollution Control Act. Lamuloli linabala bungwe la Environmental Council of Zambia, limene linayamba nchito mu 1992. M'zaka zomwezo boma la a Chiluba linagulitsa makampani ake, ena anagwa, ndipo fakitale ya ku Mwinilunga inatsekedwa. Mafakitale atapita m'manja mwa anthu wamba, woyang'anila anafunika kwambili. N'cifukwa cake mu 1997 kunabwela malamulo akuti wofuna kumanga fakitale ayambe wafotokoza mmene nchito yake idzakhudzila madzi, nthaka ndi anthu okhala pafupi.

Mu 2011 lamulo la Environmental Management Act linaloŵa m'malo mwa lakale, ndipo bungwe lija linakhala ZEMA imene tidziŵa lelo. Malamulo a mu 2013 anafotokoza za malaisensi otayila madzi akuda ndi utsi. A mu 2018 analetsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 30, ndipo anapatsa opanga katundu udindo pa zinyalala zocokela m'zopakila zawo.

Wina angakambe kuti mango si migodi, nanga vuto lili pati? Madzi ocokela kumene akonza zipatso amakhala ndi shuga, zotsalila zowola, mcele ndi mankhwala otsukila makina. Akaloŵa mumtsinje, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zimenezi timatsiliza mpweya wa m'madzi, nsomba n'kufa. Makoko ounjikidwa amaitana nchenche ndi makoswe.

Kuno ku Lusaka ngozi yake ndi yaikulu. Mbali yaikulu ya mzindawu inakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, conco zimene tathila pansi zimafika msanga ku madzi a m'zitsime ndi m'mabowo. Zopita m'suweji nazo sizisoŵa. Madzi ocokela ku Manchinchi amathela mumtsinje wa Ngwerere, ndipo alimi a m'mbali mwake amathilila nawo lepu ndi matimati amene timagula pamsika.

Ambili a ife tikumbuka kolela imene inayamba mu Okutobala 2017. Pofika Januwale 2018, asilikali anali kucotsa ogulitsa m'misewu, Soweto inatsekedwa ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Kolela imacokela m'cimbudzi ca munthu, osati m'makoko a mango. Koma inationetsa kuti madzi ndi zinyalala zikanyalanyazidwa, woyamba kutaya ndalama ndi wogulitsa zakudya, ngakhale amene sanalakwe.

Conco ife amene tifuna kuyamba ndi mbaula ndi mapoto aŵili tisaone malamulowa monga a makampani aakulu cabe. Tiike sefa pa paipi kuti zotsalila zisapite ndi madzi. Makoko tipatse oŵeta nkhumba kapena tipange manyowa. Madzi akuda tisawathile m'ngalande ya mvula. Ndipo tisanagule makina, tipite ku khonsolo ndi ku ZEMA tikafunse zimene bizinesi ya msinkhu wathu ifunika kukhala nazo. Kufunsa n'kochipa kusiyana ndi kutsekeledwa khomo mango atapsa kale m'makileti.