Nyumba Imene Anawomberamo Abraham Lincoln

Mumzinda wa Washington, likulu la dziko la Amereka, muli nyumba yanjerwa yochitiramo masewero, dzina lake Ford's Theatre. Anthu ambirimbiri amapitako chaka ndi chaka, pakuti m'menemo ndimo anawomberamo Pulezidenti Abraham Lincoln.

Lincoln anatsogolera dzikolo pa nkhondo yapachiweniweni imene inabuka mu 1861. Zigawo za kummwera zinafuna kudzipatula kuti zisunge ukapolo, koma iye anakana, ndipo mu 1863 analengeza kuti akapolo a m'zigawo zopandukazo ndi mfulu. Pa 9 Epulo 1865 Robert E. Lee, mkulu wankhondo wa kummwera, anagonja. Atapita masiku 5 okha, usiku wa Lachisanu Loyera, Lincoln ndi mkazi wake anapita kukaonerera sewero. John Wilkes Booth, munthu wamasewero amene anadana ndi kumasulidwa kwa akapolo, anazemba nafika kumbuyo kwake, namwombera m'mutu. Anthu anamnyamula, namgoneka m'nyumba ya William Petersen kutsidya kwa msewu, ndipo anamwalira m'mawa mwake, nthawi ili 7.22.

Maliro atatha, panatsala funso lovuta: nanga nyumba imene mwakhetsedwa mwazi wa mtsogoleri, aitani? Mwini wake, John T. Ford, anafuna kuyambanso masewero, koma anthu anakwiya, ena mpaka anaopseza kuti aitentha. Chifukwa chake boma linaitseka, ndipo mu 1866 linaigula. Anagumula zonse za m'kati, naisandutsa maofesi a makalaliki. Mu 1893 mbali ina ya m'katimo inagwa, nipha anthu 22. Pamenepo ambiri anaiyesa nyumba yatsoka.

Koma mbiri ya mtundu siikwiririka. Mu 1932 anatsegulamo malo oonetsera zinthu za Lincoln. Pambuyo pake amisiri anakonza m'kati monga munalili kale, potsata zithunzi zojambulidwa mu 1865, ndipo mu 1968 masewero anayambanso, atalekeka zaka zoposa 100. Kachipinda kam'mwamba kamene Lincoln anakhalamo anakakongoletsa ndi mbendera monga usiku uja, koma pa masewero simukhala munthu.

Oyang'anira malowa anaona ngozi imodzi. Pamalo pamene panaphedwa munthu, nkosavuta kuti dzina la wakupha likule koposa la wophedwayo. Tsono m'chipinda chapansi, mmene amasungiramo kamfuti kakang'ono ka Booth, anaikamonso mbiri ya zaka 4 za utsogoleri wa Lincoln: kufika kwake ku Washington, mavuto a nkhondo, ndi nkhani ya ukapolo. Mlendo saona mfuti yokha, koma amvanso chimene munthuyo anafera. Akakwera pamwamba, antchito a boma osamala malo ambiri yakale amamfotokozera za usiku uja. Kenaka aoloka msewu, nakaima pakhomo la kachipinda kamene Lincoln anatsirizikiramo. Mu 2012 anatsegula nyumba yophunzitsiramo pafupi pomwepo, mmene ana asukulu ndi aphunzitsi amaphunzira zimene zinatsata imfayo.

Mu 2015, zitakwana zaka 150, makamu a anthu anachezera usiku wonse mumsewumo, makandulo ali m'manja, monga anachezera anthu a mu 1865 podikira mbiri ya wodwalayo. Nthawi itakwana 7.22 m'mawa anaika nkhata yamaluwa pakhomo la Petersen, ndipo mabelu analira mumzindamo.

Booth anayesa kuti akapha munthu mmodzi adzabweza zimene nkhondo inagamula. Iye mwini anawomberedwa ku Virginia atathawa masiku 12, ndipo mu Disembala 1865 lamulo lothetsa ukapolo m'dziko lonse linakhazikika. Komabe anthu akuda anasautsidwa ndi tsankho zaka zambiri pambuyo pake. Ndicho chifukwa chake nyumbayi siiphunzitsa za imfa yokha, koma imakumbutsanso za ntchito imene Lincoln anaisiya isanathe.