Mpikisano woyamba wa Formula 1 mu 1950

Kodi munaonapo pa televizau galimoto yothamanga ya mpando umodzi, matayala onse anai ali poyera? Imeneyo ndi galimoto ya Formula 1. Tiyeni tione momwe mpikisano wake wa dziko lonse unayambira.

Caka coyamba cinali 1950. Mipikisano inalipo 7. Woyamba unacitika pa 13 Maio ku Silverstone, ku England, pa bwalo lomwe ndege za nkhondo zinkaterapo kale. Mfumu George VI inabwera kudzaonerera. Ina inacitika ku Monaco, Switzerland, Belgium, France ndi Italy. Wa ku Indianapolis, ku America, unawerengedwanso.

Opambana ankawadziwa ndi mapontu. Woyamba kufika ankalandira 8, waciwiri 6, wacitatu 4, wacinai 3, wacisanu 2. Amene wazungulira bwalo mwa liwiro kuposa onse ankaonjezeredwa 1. Pa mapeto a caka ankawerenga mipikisano inai yokha imene munthu wacitamo bwino.

Galimoto yamphamvu caka cimeneco inali Alfa Romeo ya ku Italy. Inapambana mipikisano yonse 6 ya ku Ulaya. Madalaivala ake anali Giuseppe Farina, Luigi Fagioli ndi Juan Manuel Fangio wa ku Argentina.

Tsopano werengani bwino apa. Pofika mpikisano womaliza ku Monza, pa 3 Setembro, Fangio anali ndi mapontu 26, Fagioli 24, Farina 22. Farina ndiye anali kumbuyo. Koma galimoto ya Fangio inafa panjira. Anakwera ya mnzake, nayonso inafa. Farina anafika woyamba. Phatikizani 22 ndi 8, mupeza 30. Fangio anathera pa 27. Basi, Farina anakhala katswiri woyamba wa dziko lonse, ali ndi zaka 43.

Musaganize kuti zinali zophweka. Injini inali kutsogolo, ndipo kutentha kwake kumamufika dalaivala. Lamba womangira pampando kunalibe. Ambiri ankangovala kacipewa ka cikopa kapena ka nsalu. Cisoti colimba anacilamula mu 1952. Ngozi ikacitika, munthu amatha kuponyedwa kunja kapena kupsa ndi moto. Mu 1954 Onofre Marimón, mnyamata wa ku Argentina, anafa ku Germany poyeserera mpikisano.

Nanga Fangio uja? Sanagwe mphwayi. Anapambana mu 1951, kenako mu 1954, 1955, 1956 ndi 1957. Werengani nokha: ndi kangati pamenepo?