Ndani alipira mseu wa m'komboni? Nkhani ya ku Mandevu

Dzinja likafika ndipo miseu ya ku Chaisa, Garden, Chipata ndi Marapodi m'dera la Mandevu yasanduka matope, funso limabuka lakuti ndani ayenera kulipira nchito yokonza mseu: khonsolo kapena eni nyumba?

Malinga ndi malamulo a caka ca 2002, bungwe la Road Development Agency ndilo liyang'anira miseu ya dziko lonse, pomwe miseu ya m'kati mwa mzinda isamalidwa ndi khonsolo ya Lusaka. Ndalama zambiri zicokera ku thumba la National Road Fund Agency, komwe kumapita msonkho wa mafuta a galimoto ndi wa pa zipata za pamseu.

Mwini malo satumizidwa bilu ya mseu wodutsa pakhomo pake. Gawo lake lidzera m'msonkho. A m'mayadi alipira msonkho wa nyumba wowerengedwa potengera mtengo wa nyumbayo, koma a m'komboni, omwe ambiri ali ndi cilolezo cokhala pamalo kwa zaka 30, alipira lendi ya malo ku khonsolo. Ndalamazi zilowa m'thumba limodzi ndi zina zonse za khonsolo, ndipo palibe lonjezo lakuti zidzabwerera ku mseu wa amene walipira. Apa ndipo pagona kusamvana.

Kugawana mtengo mwacindunji kunayesedwapo. Kuyambira mu 1974, boma linatenga ngongole ku World Bank kuti likonze Chawama, George, Garden, Chaisa ndi Chipata. Anthu eni ake, pamodzi ndi atsogoleri ao, ndiwo anayenda ndi kuloza modzadutsa miseu, ndipo mabanja omwe nyumba zao zinali m'njira anasamutsidwira ku malo atsopano capafupi. Mgwirizano unali wakuti nyumba iliyonse izilipira pamwezi kubweza ndalama za mipope ndi miseu. Miseu inalambulidwa, koma ambiri anatsalira m'mbuyo polipira, ena podandaula kuti zinyalala sizinali kucotsedwa monga analonjezedwa. Khonsolo nayo inasowa ndalama zosamalira zomwe zinamangidwa, ndipo miseuyo inaonongekanso.

M'zaka za m'ma 1990 anthu anapereka gawo lao mwa thukuta. Pansi pa nchito ya PUSH, azimai ambiri anakumba ngalande ndi kuthira miyala m'miseu, malipiro ao ali cakudya.

Nchito zikuluzikulu za pambuyo pake, monga L400 yomwe inayamba mu 2013 ndi ngongole ya ku China, komanso ngalande ya Bombay yodutsa ku Garden yomwe inakonzedwa ndi thandizo la America, eni nyumba sanazilipire mwacindunji. Ndalama zomwe zili pafupi ndi anthu ndi za CDF, zomwe mu 2022 zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Wofuna kuti mseu wa kwao uganiziridwe ayambira ku komiti ya citukuko ya m'wadi yake, komwe pempholo lipikisana ndi la sukulu, cipatala ndi madzi.